Kodi Chauta Ali ndi Nduna?

Funso lili pamwambali si langa ayi. Ndinalimva ndili kamnyamata kosakwana zaka khumi, m'zaka zoyambirira za m'ma 1960, nditabisala kuseri kwa nkhokwe kwathu cha ku Golomoti ndikumung'unya malambe. Wofunsa anali mlongo wa agogo anga aakazi, amene pamudzi ponse tinkangowatchula kuti a Mwinimbumba. Wofunsidwa anali agogo anga aamuna, katekisiti wa mpingo wa Katolika, mkamwini amene anali atatha zaka makumi atatu pamudzipo koma anthu osaiwala kuti ndi wobwera.

Chaka chimenecho mvula inanyanyala. Mwezi wa Disembala unafika pakati mitambo ikungounjikana pamwamba pa mapiri a Dedza n'kubalalikanso, chimanga chimene anthu anabzala ndi mvula yoyamba chitafota m'mizere. Akuluakulu anapangana zokathira nsembe patsinde pa msolo, ndipo nyumba iliyonse inayenera kusonkha kaufa. Nyumba ya katekisiti inakana. Madzulo ake a Mwinimbumba anabwera okha, n'kukhala pachitsa, n'kuyamba ndi fodya monga mwa chizolowezi chawo.

"Alamu, ine sindinadzere ufa ayi. Ndabwera ndi funso. Mulungu wanu uja, ali ndi nduna kapena alibe?"

"Mulungu ndi mmodzi, alamu. Sasowa womuthandiza."

"Sindinafunse ngati alipo awiri. Ngakhale a Kachindamoto ndi amodzi. Koma munaonapo munthu akungolowa kwa a Kachindamoto ngati akulowa m'nyumba mwa amake, osadzera kwa nyakwawa, osadzera kwa nduna? Mfumu yopanda bwalo ndi mfumu yanji, alamu?"

Agogo sanayankhe. Anangotsegula katekisimu wawo wothaitha uja, n'kumutsekanso. Usiku womwewo ndinaona agogo aakazi akutapa ufa ndi chikho, n'kuumanga pakansalu, n'kutuma mchemwali wanga kuti akausiye kwa mlongo wawo mwakachetechete. Lamulungu lake anali kutsogolo m'tchalitchi, korona ili m'manja. Mvula itagwa, mbali iliyonse inati yagwa chifukwa cha pemphero lake.

Funso limeneli ndayenda nalo moyo wanga wonse, ndipo lero ndati ndililondole kumene linachokera, poti si la banja lathu lokha. Ndi funso la dera lonse lino la m'munsi mwa mapiri, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua, mpaka ku Mtakataka, ndipo ndi lakale kuposa tchalitchi chilichonse chimene chili kuno.

Tiyambe ndi a Mwinimbumba, pakuti maganizo awo sanawatole panjira. Kufupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, kuli malo otchedwa Mankhamba. Wodutsa pa msewu wa ku Salima sangaganize n'komwe zoima. Komatu pamenepa ndi pamene panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, imene ufumu wake unafika pachimake m'zaka za m'ma 1600. Katswiri wathu wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, anakumba malowa, ndipo m'buku lake la mu 2020 anafotokoza zimene nthaka inatisungira: mikanda yagalasi, zibenthu za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi chitsulo, ndi minyanga ya njovu. Sikanali kamudzi wamba. Unali mzinda umene katundu wake ankachokera kutsidya kwa nyanja yamchere.

Chofunika kwa ife n'chakuti Kalonga sankalamula yekha. Panali Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumu, amene mwa iye ndimo munkabadwa mafumu a Aphiri. Panali Mwali, mkazi wamkulu wa mfumu, wochokera kwa Abanda. Panali Khombe wotsogolera nkhondo, Mkomba wopereka chilango cha imfa, ndi Mgawi wogawa malo. Dzina lomalizali mulisunge, tikumana nalonso. Kamodzi pachaka, m'chilimwe, akuluakulu a banja lachifumu ankasonkhana ku Mankhamba pa mwambo wa Mlira, kulemekeza mzimu wa Kalonga amene anawatsogolera polowa m'dziko lino, ndipo mwambowo unkatha ndi kutentha tchire la Marimba.

Anthu okulira m'dongosolo lotere sakanatha kuganiza za ukulu wopanda bwalo. Kwa iwo, kukhala wamkulu kunali kukhala ndi okuzungulira. Paja mutu umodzi susenza denga. Tsono ngati Kalonga, munthu wakufa ngati ife, sankafikiridwa chisawawa, nanga Chauta? Makolo ankadziwa kuti Chauta ndi mmodzi, ngakhale ankamutchula maina ambiri: Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Leza. Koma pomufikira ankadzera mwa mizimu. Munthu akamwalira n'kuikidwa mwaulemu, ankati sanathe, wangokwera udindo. Mwana akadwala, mumadandaulira mizimu ya pabanja, poti imeneyo ikukudziwani ndi dzina lomwe. Mvula ikavuta, nkhani inkakwera kwa mizimu ya mafumu, ndipo ikakula zedi inkafika ku akachisi aakulu monga wa ku Msinja, kumene kunali Makewana. Bambo J.W.M. van Breugel, wansembe wa Katolika amene anafufuza chipembedzo cha Achewa m'zaka za m'ma 1970, anapeza zomwezi: kuti mizimu ndi ankhoswe pakati pa anthu ndi Chauta, osati opikisana naye.

Ufumu wa Kalonga unatha m'zaka za m'ma 1860, Kalonga Sosola ataphedwa pa nkhondo ndi Ayao. Dera lino linaona zakuda: malonda a akapolo, nkhondo za Angoni a kwa Maseko, mpaka a Kachindamoto anadzakhazikika cha ku Mtakataka. Mankhamba anasanduka bwinja. Koma bwalo la m'mitu mwa anthu silinagwe nawo.

Ndiye mu 1902 kunatulukira alendo ovala mikanjo yoyera, korona ili m'khosi. Anali ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie anayambitsa ku Algeria mu 1868. Sikanali koyamba kuponda dziko lino. Mu 1889 anayesa kukhazikika kwa Mponda, kumwera kwa nyanja, koma sizinayende, ndipo mu 1891 anachoka. Ulendo uno anamanga pa Mua, m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ina pa Mtakataka. Zaka zokwana pafupifupi makumi anayi zokha zinali zitadutsa chifere Kalonga womaliza. Nkhalamba zina zimene zinabwera kudzaona azunguwo zinabadwa ufumu wa ku Mankhamba ukalipo.

Ntchito yoyamba ya mmishoni aliyense, wa Katolika kaya wa mipingo ina, inali kusaka mawu. Dzina lakuti Mulungu analipeza lili kale pakamwa pa anthu. Liwu lakuti mzimu analitenga n'kulikweza pamwamba penipeni: Mzimu Woyera. Koma liwu lomwelo likachuluka n'kukhala mizimu, linkagwera kumbali ya mdima. Ziwanda, zimene makolo ankati ndi mizimu yosochera yongovutitsa anthu, zinapatsidwa ntchito kwa Satana. Ndipo amithenga akumwamba, oima pakati pa Mulungu ndi anthu, sanawapezere dzina la kuno. Anangobwereka liwu lochokera ku Chigiriki, n'kukhala angelo. Mwaona kodi, awerengi? Mipando yonse ya kumwamba inagawidwa, wa makolo athu osaoneka.

Mkangano sunathere pa mawu. M'zaka za m'ma 1920 kunali mpungwepungwe pakati pa mishoni ya Mua ndi Nyau. Ian Linden anaulemba m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi kukana kwa Achewa mu Nyasaland, ndipo anadalira kwambiri mabuku a tsiku ndi tsiku amene ansembe eni ake ankalemba. Ankalimbirana ana: mwana apite ku sukulu kapena kudambwe? Ankalimbirana maliro: womwalira aperekezedwe ndi nyimbo za mpingo kapena ndi gule? La malirolo ndilo linali lopweteka, chifukwa kwa Mchewa maliro ndiyo njira imene munthu amalowera m'gulu la mizimu. Kuletsa gule pamaliro kunali ngati kutseka chipata cha pabwalo. A Nyau nawo sanangopinda manja. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya anayamba kuvina pakati pa zilombo zina: oyera a ansembe aja atalowetsedwa m'bwalo la Achewa, afune asafune.

A Mwinimbumba anali ana a nyengo imeneyo, ndipo pamowa ankakonda kubwereza mfundo yawo yachiwiri. "Alamu angawa amati ife timapembedza akufa. Nanga iwo akagwada n'kumaitana Petulo, Paulo, Yosefe kuti awanenere kwa Mulungu, amenewo ali moyo? Makolo a azungu ndiwo oyera, athu ndiwo ziwanda, eti?" Anthu ankaseka, agogo ankangoti kukamwa pululu. Yankho linalipo, lakuti oyera amalemekezedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo osati chifukwa cha ubale wa magazi, koma pamowa yankho lalitali silipambana.

Chimene agogo analibe tsiku la funso lija ndi Buku lenilenilo. Ena mudabwa: katekisiti wopanda Baibulo? Inde. Baibulo lathunthu m'chinenero chathu linatuluka mu 1922, Buku Lopatulika, ntchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed mothandizana ndi amishoni ena ndi aphunzitsi a kuno. Koma kwa Mkatolika wa masiku amenewo limenelo linali buku la eni ake. Iye ankaphunzira katekisimu, mapemphero ndi nkhani zosankhidwa za m'Baibulo, Misa n'kumaimvera m'Chilatini. Baibulo lathunthu la Akatolika, Malembo Oyera, lomasuliridwa ndi Bambo Louis Villy, linatuluka mu 1966, patatha zaka 64 chimangire Mua. Agogo analigula atagulitsa thonje, ndipo popeza maso awo anali atayamba kuchita khungu, wowawerengera ndinali ine ndikabwera ku holide. Mmenemo ndimo tinakumana ndi bwalo lija, ine ndi iwo, tonse osayembekezera.

Taonani buku loyamba la Mafumu, mutu 22. Mfumu Ahabu ikufuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Giliyadi. Aneneri 400 akuivomereza ndi pakamwa pamodzi. Mneneri mmodzi yekha, Mikaya, akuti iye waona zina. Waona Mulungu ali pampando, gulu lonse lakumwamba litamuzungulira uku ndi uku, ndipo Mulunguyo akuponya nkhani pabwalo: Ahabu akopedwe bwanji kuti akathere kunkhondoko? Maganizo akuperekedwa osiyanasiyana, ndendende mmene zimakhalira pansi pa mtengo wa kachere kwa mfumu. Kenaka mzimu wina ukudzipereka kuti ukanamiza aneneri aja, ndipo Mwini bwalo akuutuma. Mikaya analandira mbama ndi ndende chifukwa cha masomphenyawa, koma Ahabu ku nkhondo kuja sanabwereko wamoyo.

Taonaninso mitu iwiri yoyamba ya Yobu. Pali tsiku la msonkhano, ndipo amene Buku likuwatcha ana a Mulungu akubwera kudzaonekera. Pakati pawo pali Satana. Mu Chihebri cha bukuli liwuli silinakhale dzina la munthu, ndi dzina la ntchito: woneneza, woyendera dziko n'kubweretsa milandu. Sanalowere pawindo ayi, ali nawo malo pabwalopo. Pa Yesaya 6, Mulungu pofuna wotuma akuyankhula ngati mfumu yoyankhulira bwalo lake lonse. Pa Yeremiya 23, chosiyanitsa mneneri woona ndi wonama n'chakuti woonayo anaimapo mu upo wa Mulungu n'kumva zokambidwa; liwu lachihebri ndi sod, upo wa anthu okhulupirirana. Pa Danieli 7 mipando ikuikidwa yambiri, bwalo likukhala, mabuku akutsegulidwa. Agogo ankandiimitsa pafupipafupi: "Tabwerezanso pamenepo, mwanawe."

Kodi Aisraeli, anthu a Mulungu mmodzi, anazitenga kuti zimenezi? Yankho linatuluka m'nthaka, monga momwe la Mankhamba linatulukira. Mu 1928 mlimi wina wa ku Syria akulima m'mphepete mwa nyanja anagunda manda akale. Chaka chotsatira, 1929, Mfalansa Claude Schaeffer anayamba kukumba pa chulu cha Ras Shamra chapafupi pomwepo, n'kupeza mzinda wa Ugarit umene unawonongedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Munali mapale a dongo olembedwa m'chinenero chachibale ndi Chihebri. Mapalewo amasimba za El, mulungu wamkulu, nkhalamba ya ndevu zaimvi, wokhala pakati pa msonkhano wa milungu, ndi za mkazi wake Athirat amene ana ake anali 70. Apa zinaoneka poyera kuti anthu a dera lonselo ankaona kumwamba ngati bwalo la mfumu. Aisraeli anakulira m'mudzi womwewo. Chimene anachita n'kutenga bwalolo n'kulisintha: Mwini wake anakhala wosayerekezeka ndi wina aliyense, ndipo okhala pabwalo anatsika n'kukhala antchito ake.

Umboni wina unatuluka m'mapanga a Qumran, kufupi ndi Nyanja Yakufa, kumene mipukutu yakale inayamba kupezeka mu 1947. Pa Deuteronomo 32, ndime 8 ndi 9, pakukambidwa za nthawi imene Wam'mwambamwamba ankagawa mitundu ya anthu ndi malire ake. Malemba achihebri amene mabaibulo ambiri akale anatsata amati chiwerengero cha magawowo chinalingana ndi ana a Israeli. Koma kachidutswa ka ku Qumran kamati chinalingana ndi ana a Mulungu, ndipo Baibulo lakale lachigiriki limati angelo a Mulungu. Tanthauzo lake n'lakuti mtundu uliwonse unapatsidwa woyang'anira wake wakumwamba, Israeli yekha n'kukhala gawo la Mwini wake. Mgawi uja wa ku Mankhamba mwamukumbukira? Pano Mulungu mwini ndiye Mgawi, ndipo dziko akuligawira nduna zake. N'chifukwa chake pa Danieli 10 timamva za kalonga wakumwamba wa dziko la Perisiya, ndi za Mikaeli woimira Aisraeli. M'kupita kwa nthawi, ana a Mulungu aja ndiwo anadzakhala angelo amene agogo ankaphunzitsa m'katekisimu, osadziwa kuti kale ankatchedwa milungu.

Tsono tisathamange. Pali anzathu ena amene akangomva zimenezi amalumpha n'kuti, "Basi, Baibulo ndi chikhalidwe chathu n'chimodzimodzi!" Ayi, si choncho. Okhala pabwalo la m'Baibulo sanakhalepo anthu. Sanabadwe, sanalime, sanaikidwe m'manda. Mizimu yathu ndi anthu, agogo a agogo athu, ndipo malo ake si kumwamba kokha ayi: ili kumanda, ili m'maloto, ili patsinde pa msolo. Baibulo lomwelo limaletsa kufunsira kwa akufa, ndipo nkhani ya Sauli ku Endori ilipo yochenjeza. Ansembe a ku Mua sanazipeke zoletsazo. Chofanana ndi kamangidwe ka nyumba, osati okhalamo. Anthu a ku Ugarit, a ku Yerusalemu ndi a ku Mankhamba, amene sanaonanepo, onse poyesa kuganiza za Wamkulukulu anayang'ana bwalo la mfumu yawo. A Mwinimbumba analondola pa kamangidwe. Agogo analondola pa umodzi wa Mwini nyumba.

Koma pali salimo limodzi limene linasintha mkangano wonsewo, Salimo 82, limene m'mabuku akale a Chilatini ndi 81. Ndi lalifupi, ndime zisanu ndi zitatu zokha. Bwalo lakumwamba lakhala, koma ulendo uno woimbidwa mlandu si Ahabu, si Yobu. Oimbidwa mlandu ndi nduna zomwezo. Mulungu akuzifunsa chifukwa chimene zakhala zikuweruza mokondera anthu oipa. Ntchito imene zinapatsidwa ikutchulidwa poyera: kuteteza ofooka, ana amasiye, amphawi ndi osowa. Sizinaichite. Ndipo chigamulo chake n'choopsa: ngakhale zimatchedwa milungu, zidzafa imfa ya munthu wamba. Akatswiri a Malemba akhala akusiyana pa salimoli kuyambira kale. Ena amati milunguyo ndi oweruza a pansi pano, ena amati ndi oyang'anira mitundu aja a pa Deuteronomo. Yesu mwini analitchula pa Yohane 10 pamene ankatsutsana ndi omuneneza. Koma mulimonse mmene mungalimvere, mfundo yake siisuntha: kukhala pafupi ndi mpando si chitetezo, ndi ngongole.

Tinaliwerenga salimoli katatu madzulo ena. Mmawa mwake agogo anatenga ndodo yawo n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kwa alamu awo. A Mwinimbumba anali atadwalika, atagona pamkeka pakhonde.

"Alamu, funso lanu lija ndabwera nalo yankho."

"Funso liti?"

"La nduna."

Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola. "Aaa, alamu! Zaka zonsezi? Mlandu suoladi."

"Nduna zilipo. Buku likutero, mwanayu wandiwerengera. Si makolo anu ndi anga ayi, pamenepo sindikusuntha. Koma zilipo. Ndipo chimene inu simunandiuze n'chakuti nazonso zimaimikidwa pabwalo. Zikakondera, zikaiwala mwana wamasiye, zimachotsedwa pampando."

A Mwinimbumba anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Ndiye Mulungu wanuyo ndi mfumu yeniyeni. Mfumu yoopa nduna zake imagulitsa mudzi."

Musaganize kuti wina anatembenuka. A Mwinimbumba anamwalira osabatizidwa, ndipo pamaliro pawo gule anavina usiku wonse. Agogo sanafike pabwalo, koma sanapitenso kunyumba. Anakhala poteropo pansi pa mtengo wa mango, korona ili m'manja, mpaka kunacha.

Mbiri nayo inayenda njira yofanana ndi ya nkhalamba ziwirizi, pang'onopang'ono. Mu 1976, pa Mua pomwe paja panali mkangano ndi Nyau, Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yotchedwa dzina la mmishoni Jean-Baptiste Champmartin monga momwe anthu a kuno ankalitchulira, inadzasonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana mkati mwa mishoni. Mu 1995 Papa John Paul II, m'kalata yake yotsatira msonkhano wa maepiskopi a mu Africa wa mu 1994, anavomera kuti ulemu umene Aafirika amapereka kwa makolo awo uli ngati kukonzekera chikhulupiriro cha umodzi wa oyera. Mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi mipingo ina pamodzi. Pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova, ndipo Malembo Oyera analemba Yahve, Buku Loyera linalemba Chauta. Dzina limene a Mwinimbumba ankaitana patsinde pa msolo linakhala pampando wa pabwalo la Mikaya ndi Yobu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Agogo onse awiri sanazione zimenezi.

Koma tsiku limene ndinawakumbukira koposa ndi 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno. Ine ndinaimvera m'tauni, nditapanikizana ndi anzanga pabenchi, tonse mitu ili pansi kuopa kuyang'anana. Kalatayo inafunsa za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuweruzidwa, za mantha oyankhula. Aneneri 400 a nthawi imeneyo anakwiya koopsa, ndipo tonse tikukumbukira zimene zinanenedwa za maepiskopiwo. Koma pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu, ndipo ambiri amene ankayenda ngati sadzafa anatsika pamipando ngati munthu wina aliyense. Ine m'mutima ndinkangomva liwu la agogo: nazonso zimaimikidwa pabwalo.

Apa ndi pamene funso la ku Golomoti lija likutikhudza ife a m'tauni, ngakhale amene sitinathirepo nsembe kapena kugwira korona. Ife Amalawi za nduna timazidziwa bwino. Timadziwa kudzera kwa wakutiwakuti kuti fomu iyende, kuti mwana apeze malo, kuti dzina lilowe m'kaundula wa feteleza. Theka la nzeru za a Mwinimbumba tinalisunga: mfumu siifikiridwa chisawawa. Theka linalo, limene nkhalamba ziwiri zija zinagwirizana pakhonde, ndilo timaiwala msanga. Wokhala pakati anaikidwa pamenepo kuti anyamule dandaulo la wofooka, osati kuti akhale pachipata n'kumalipiritsa. Ndipo ngati Buku limene timalumbirira m'makhoti ndi ku Nyumba ya Malamulo likunena kuti ngakhale ana a Mulungu anazengedwa mlandu chifukwa cha mwana wamasiye, ndani pansi pano angati iye safunsidwa?

Mukadzadutsa pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, mudzaime pa Mua mukaone nkhope za gule zili phee m'nyumba ya ansembe. Mukafika pa Mtakataka mudzafunse njira ya ku Mankhamba. Bwalo la Kalonga simudzalipeza. Khombe, Mkomba ndi Mgawi anapita kalekale, maina okha ndiwo atsala m'mabuku a ana a sukulu. Kwathu ku Golomoti msolo uja ulipobe, ndipo manda a agogo ndi a alamu awo ali m'nkhalango imodzi, amodzi ali ndi mtanda, enawo alibe. Mvula ikachedwa, adzukulu awo timakanganabe za ufa.